Funsani Amisiri: Kodi ulusi wagalasi ungachenjeze kuti mtsinje ukukumba pansi pa mlatho?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno kuchokera ku Mulanje ndi ku Thyolo akukhudza milatho, ndipo n'zosadabwitsa popeza mvula yayandikira. Tasankhapo anayi, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Chitakale. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ndidaona milatho ina itatitimira mbali imodzi, ina itapendekeka, koma konkire yake ili yosasweka. Ana asukulu atandifunsa chifukwa chake, ndidangoti ndi mphamvu ya madzi, koma yankho limeneli silidandikhutiritse. Posachedwapa ndamva kuti kumayiko ena amakwirira zingwe za faiba, zonga za intaneti zija, pafupi ndi zipilala za milatho kuti zizichenjeza ngozi isadachitike. Kodi n'zoona? Nanga galasi lingadziwe bwanji zimene zikuchitika pansi pa madzi? – Mphunzitsi, Chitakale

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mudaonazo ndi mmene milatho yambiri imagwera padziko lonse. Si kawirikawiri kuti madzi athyole konkire. Chimene amachita ndi kukumba nthaka imene maziko a chipilala akhalapo, mpaka chipilalacho chitasowa pokhazikika n'kutitimira ndi kulemera kwake komwe. Ku America, kumene amasunga kaundula wa milatho yogwa, adapeza kuti yoposa theka idagwa chifukwa cha madzi osefukira ndi kukumbika kwa maziko kumeneku, osati katundu wolemera kapena chivomerezi.

Madzi othamanga akagunda kumaso kwa chipilala, ena amapatukira m'mbali, koma ena amatsika motsatira khoma la chipilalacho. Akafika pamchenga amapindika n'kuyamba kuzungulira, ndipo kuzungulira kumeneku kumakulunga tsinde la chipilala kutsogolo ndi m'mbali zonse ziwiri, uku kukunyamula mchenga kupita nawo kumunsi. Aliyense amene adaimapo pamchenga m'madzi oyenda amadziwa mmene mapazi amalowera pang'onopang'ono pamene madzi akuchotsa mchenga kuzungulira zidendene. Pa mtsinje wamchenga, dzenje lotere limatha kuya kuwirikiza kawiri kukula kwa chipilala, mwinanso kupitirira pamenepo, moti chipilala cha mita imodzi ndi theka m'lifupi chingakumbiridwe dzenje la mamita atatu. Mitengo yozuka, nsungwi ndi mathunthu a nthochi zikakodwa pa chipilalacho, madzi amatsekerezedwa pamalo aakulu kuposa kale ndipo dzenje limayabe. Pamenenso mlatho ndi waufupi poyerekeza ndi chigwa cha mtsinje, madzi onse amapanikizana kudutsa pampata wochepa, liwiro lawo limakwera, ndipo amagwetsa dothi la kumapeto kwa mlatho. N'chifukwa chake nthawi zina timaona mlatho uli chiimire pakati pa mtsinje, msewu utaduka mbali zonse ziwiri.

Chovuta kwambiri n'chakuti dzenje limeneli limabisala. Madzi akayamba kuphwa liwiro lawo limachepa, ndipo mchenga wochokera kumtunda umakhuthukira m'dzenjemo mpaka kudzaza. Woyendera milatho akafika patatha sabata amapeza mchenga wosalala bwino, n'kulemba kuti zonse zili m'malo mwake, chonsecho usiku wa chigumula maziko adali pamtunda. Mchenga wodzazirawo ndi wofewa, sugwira chipilala ngati nthaka yoyamba ija, ndipo chigumula chotsatira chimauchotsa msanga n'kupitiriza kukumba pamene chinzake chidalekezera. Pa 5 Epulo 1987, mlatho wa pa Schoharie Creek m'chigawo cha New York udagwa magalimoto akudutsa ndipo anthu 10 adamwalira. Kafukufuku adapeza kuti maziko ake adali osaya, ndipo miyala ikuluikulu imene idayenera kuwatchinjiriza idakokoloka m'kupita kwa zaka popanda kubwezeretsedwa.

Tsono chimene mainjiniya akhala akufuna ndi chipangizo chotha kuyeza dzenjelo madzi ali pachimake, usana kapena usiku, popanda munthu kulowa mumtsinje. Ulusi wagalasi, umene umakhala mkati mwa zingwe za faiba mwatchulazi, ndi imodzi mwa njira zochitira zimenezi. Ulusiwu ndi galasi loyera kwambiri lonenepa mamilimita 0.125, kutanthauza kuti maulusi asanu ndi atatu ogundizana amangokwana milimita imodzi, ndipo kuwala kumayenda pakatikati pake. Pa intaneti kuwalako kumanyamula uthenga. Pa mlatho chimene timayeza ndi kusintha kwa kuwalako, chifukwa galasi likatamuka, likapindika kapena likatenthedwa, kuwala kobwerera kumene kudachokera sikukhalanso chimodzimodzi.

Njira yoyamba imagwiritsa ntchito timasensa, kutanthauza tizipangizo toyezera, totchedwa FBG. Kameneka ndi kachigawo ka ulusi, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kamene mkati mwake mwalembedwa timizere tothinana kwambiri pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser. Katswiri wa ku Canada, Ken Hill, ndiye adayamba kusonyeza zimenezi mu 1978. Kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana kukafika pa timizereto, mtundu umodzi wokha umabwezedwa ndipo yonse yotsala imadutsa. Ulusi ukatamuka, mipata ya pakati pa timizere imakula pang'ono, ndipo mtundu wobwezedwawo umasuntha. Makina owerenga, amene amakhala m'bokosi pamwamba pa mlatho kapena kumtunda, amatha kuzindikira kutamuka kofanana ndi milimita imodzi pa kilomita yathunthu.

Tiyerekeze ndodo yolimba ya mamita asanu yokhomedwa pansi pa mtsinje kumaso kwa chipilala, yokhala ndi timasensa khumi totalikirana theka la mita, kalikonse kali pa kachitsulo kopyapyala kotulukira m'mbali. Nthawi ya chilimwe tonse tili m'nthaka, tili duu. Chigumula chikabwera n'kuchotsa theka la mita loyamba, kasensa kapamwamba kamavundukuka, madzi amakankha kachitsulo kake n'kukanjenjemeretsa, ndipo makina amaona nthawi yomweyo. Kachiwiri kakatsatira, kenako kachitatu, injiniya amene ali ku Blantyre akhoza kuona pa kompyuta kuti pofika 3 koloko m'bandakucha dzenje lafika mita imodzi ndi theka ndipo likuyabe. Madzi akaphwa, timasensa timasiya kunjenjemera kuyambira pansi kukwera m'mwamba, chimene ndi chizindikiro chakuti mchenga ukubwerera, koma kuya kwenikweni kumene dzenje lidafika kumakhala kutalembedwa kale. Akatswiri a ku Taiwan, dziko la mitsinje yaifupi yotsetsereka ndiponso anamondwe a chaka ndi chaka, adayesa njira yotere pa milatho yeniyeni m'zaka za m'ma 2000. Popeza kutentha nakonso kumasuntha mtundu wa kuwala, amaikapo kasensa kena kosakhudzidwa ndi mphamvu ya madzi kuti kaziyeza kutentha kokha, n'kumachotsera pa zowerengazo.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru koposa, siikhala ndi kanthu koyenda ngakhale kamodzi. Ulusi wonse umasanduka choyezera kutentha. Makina amatumiza kuwala kwa laser m'kamphindi kochepetsetsa, ndipo pamene kukuyenda, kachigawo kochepa kwambiri kamamwazikira m'mbuyo kuchokera pamalo aliwonse a ulusiwo. Mbali ina ya kuwala komwazikako, yotchedwa ndi dzina la wasayansi wa ku India C. V. Raman, imasintha mphamvu malinga ndi kutentha kwa galasi, pamene nthawi imene kwatenga kuti kubwerere imasonyeza malo amene kwachokera. Makina ambiri amasiyanitsa kutentha pa mita iliyonse ya ulusi, mtunda umene ndi waukulu kwambiri pa ntchito yathuyi, choncho amisiri amakulunga ulusiwo mothinana kuzungulira paipi kuti mita imodzi ya ulusi ikwane pa masentimita ochepa chabe a msinkhu wa paipiyo. Pambali pa ulusi amadutsitsa waya wotenthetsera. Akauyatsa kwa mphindi zingapo, mbali ya paipi imene ili mumchenga imafunda chifukwa mchenga suchotsa kutentha msanga, pamene mbali imene ili m'madzi othamanga siifunda kwenikweni. Pamene kufunda kwalekezera, pomwepo ndiye pansi pa mtsinje pa ola limenelo.

Galasi lili ndi ubwino wake m'malo otere. Silichita dzimbiri, ndipo ulusi weniweniwo sunyamula magetsi, kotero ziphaliwali, zimene sizisowa m'dzinja kuno, siziusokoneza monga zimasokonezera mawaya akopa. Ulusi umodzi umatha kunyamula timasensa tambiri ndiponso kuyenda makilomita angapo kuwala kusadafooke, moti makina owerenga amodzi angathe kuyang'anira zipilala zonse za mlatho.

FUNSO: Ine ndimayendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Muloza kudzera ku Thyolo. Bwanji osangotuma munthu ndi nsungwi yaitali kuti akapime, m'malo mowononga ndalama? Ndiponso makinawo akaona vuto, ine amene ndili pachiwongolero ndidziwa bwanji? – Dalaivala, Luchenza

YANKHO: Bambo, nsungwi kapena chingwe chomangirira chitsulo kunsonga ndi zida zabwino ndithu, ndipo mainjiniya amazigwiritsabe ntchito madzi akakhala odekha. Koma pa nthawi imene muyeso ukufunikadi, madzi amakhala akuthamanga mamita angapo pa sekondi atanyamula zitsa, ndipo nsungwi siingafike pansi, ngakhale atapezeka wolimba mtima woigwira. Palinso makina a sonar oyeza kuya ndi mawu, koma amasokonezeka ndi thovu, matope ambiri ndi zinyalala, zimene ndi zomwe chigumula chimabweretsa. Ena amakwirira timabokosi timene timayandama n'kutumiza chizindikiro mchenga ukachoka, koma kabokosi kalikonse kamagwira ntchito kamodzi kokha.

Funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi phata la nkhani yonseyi. Ulusi umangopereka nambala, ndipo nambalayo payokha siiteteza munthu. Kuti ikhale ndi tanthauzo, choyamba injiniya ayenera kudziwa kuya kwa maziko a mlathowo ndi mtundu wa nthaka imene akhalapo, chifukwa dzenje la mamita awiri si kanthu pa chipilala chokhomedwa mpaka pathanthwe, pamene ndi ngozi yoopsa pa chipilala chokhala pamchenga. Pa milatho yakale imene mapulani ake sapezeka, ntchito yofufuza maziko iyenera kuchitika ulusi usadagulidwe. Kenako pamafunika kugwirizana pasadakhale, molembedwa, kuti dzenje likafika pakuti apolisi ndi akhonsolo achenjezedwe, ndipo likafika pakuti msewu utsekedwe popanda kudikira chilolezo cha wina aliyense. Misewu ikuluikulu monga wa M2 umene mumayendamo ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, machenjezo a mvula amachokera ku nthambi yoona za nyengo, ndipo ngozi zogwa mwadzidzidzi zimayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya DoDMA. Uthenga wa pa mlatho uyenera kufika kwa onsewa ngakhale pakati pa usiku. Inuyo mungadziwe kudzera mwa wapolisi woima pamsewu, chotchinga, nyali yofiira pa mlatho, kapena uthenga wa pafoni kwa atsogoleri a pa siteji.

Musaiwalenso kuti nthawi ya namondwe magetsi a ESCOM ndi netiweki ya mafoni zimatha kuzima kwa masiku, monga zidachitikira mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Choncho makinawo amafunika sola ndi mabatire okwanira masiku angapo a mitambo, ndipo nyali kapena belu lochenjeza liyenera kugwira ntchito pamalopo ngakhale uthenga utalephera kufika kutauni. Kugula makina popanda kukonza zonsezi, m'kuona kwanga, ndiko kuwononga ndalama kumene mukunenako.

FUNSO: Ndili m'komiti yoona za ngozi m'mudzi mwathu, kufupi ndi mtsinje wa Thuchila. Anyamata amakumba mchenga pafupi ndi mlatho n'kumagulitsa kwa amalole. Tikawaletsa amati mchenga umabwerera chaka chilichonse. Kodi akunena zoona? – Mayi wodandaula, Mulanje

YANKHO: Mayi, mchenga umabwereradi, koma funso ndi lakuti ukuchokera kuti. Dzenje likakumbidwa kumunsi kwa mlatho, madzi amagwera m'dzenjemo mothamanga n'kumagumula khoma lake lakumtunda, ndipo kugumukako kumayenda chokwera mtsinje mpaka kufika pa zipilala. Likakumbidwa kumtunda, limakola mchenga umene ukadayenera kudutsa, ndipo madzi ofika pa mlatho amatola wina pamalo pomwepo popanda wobwezeretsa. Njira zonse ziwiri zimatsitsa pansi pa mtsinje chaka ndi chaka, ndipo maziko amene adakwiririka bwino pomanga amayamba kuyandikira pamtunda. Pa 4 Malichi 2001, mlatho wakale wa ku Entre-os-Rios pa mtsinje wa Douro ku Portugal udagwa nthawi ya madzi osefukira, basi ndi magalimoto atatu zidagwera mumtsinje, ndipo anthu 59 adamwalira. Kukumba mchenga kwa zaka zambiri pafupi ndi mlathowo kudatchulidwa ngati chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu.

Anyamatawo akufuna chakudya, ndipo kungowathamangitsa sikukhalitsa. Chimene chimathandiza ndi kukhala pansi pamodzi ndi amfumu ndi akhonsolo kuti awasonyeze malo ena okumba, kutali ndi mlatho. Komiti yanu ikhozanso kugwira ntchito imene ulusi wagalasi ungagwire m'chilimwe, popanda kuwononga ndalama. Sankhani malo amodzi pa chitsulo cha m'mbali mwa mlatho moyang'anizana ndi chipilala chilichonse, ikanipo chizindikiro cha penti, ndipo mwezi wa Okutobala uliwonse tsitsani chingwe chokhala ndi chitsulo kunsonga mpaka chigunde pansi, n'kulemba kutalika kwake m'kope. Nambala ikamakula chaka ndi chaka, mtsinje ukutsika. Mukaona konkire ya maziko imene kale siinkaoneka, mng'alu kapena kutitimira pamene phula likumana ndi mlatho, zitsulo za m'mbali zimene zasiya kulunjikana, kapena mawaya a magabiyoni, amene ndi maukonde odzaza miyala, atang'ambika miyala n'kutayika, jambulani pafoni n'kukanena ku ofesi yoona za misewu ku khonsolo mvula isadayambe. Zinyalala zokodwa pa zipilala zichotsedwe madzi ali ochepa.

FUNSO: Ndikuphunzira uinjiniya pa yunivesite ya MUST kuno ku Thyolo ndipo ndikufuna kuchita kafukufuku wanga womaliza pa nkhani imeneyi. Kodi ulusi wagalasi ungapirire mitsinje ya m'phiri la Mulanje, imene imagubuduza miyala? – Wophunzira, Goliati

YANKHO: Wophunzira, yankho limadalira chigawo cha mtsinje. Madzi ochokera m'phiri, limene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, amatsikira kuchigwa cha mamita pakati pa 600 ndi 700 m'makilomita ochepa chabe. M'tsinde mwa phiri, pa mitsinje monga Likhubula, Lichenya ndi kumtunda kwa Ruo, chigumula chimayenda ndi miyala yolemera matani. Napolo wonga amene adatsika m'phiri la Michesi n'kuwononga Phalombe mu Malichi 1991, kapena amene adadula misewu ya ku Nkhulambe nthawi ya Freddy, sakumba pang'onopang'ono kuti kasensa kawerenge. Amafika ndi matope, miyala ndi mitengo nthawi imodzi, ndipo ndodo iliyonse yokhomedwa kumaso kwa chipilala idzathyoka pamodzi ndi ulusi wake. M'malo otere ndalama zimagwira bwino ntchito zikalowa m'maziko ofika pathanthwe, mipata ikuluikulu pakati pa zipilala, ndi zoyezera mvula zoikidwa kumtunda. Kukhoma ndodo m'nthaka yodzaza miyala nakonso n'kovuta, chifukwa kumafuna makina oboola.

Kumene njirayi ingathandize ndi kumunsi, kumene mitsinje yafika pachigwa n'kuyamba kuyenda pamchenga, monga Thuchila ndi madera ena a Ruo, makamaka pa milatho imene ikaduka boma lonse limasowa njira yopitira kuchipatala ndi kumsika. Ngakhale kumeneko, ulusi uyenera kukhala mkati mwa paipi yachitsulo yomangiriridwa ku chipilala, ndipo chingwe chokwera pamwamba chibisidwe bwino, popeza anthu ena amadula zingwe za faiba poganiza kuti muli kopa, chonsecho mulibe. Ulusi weniweniwo ndi wotsika mtengo. Chodula ndi makina owerenga, amene amachokera kunja, ndiponso munthu wodziwa kulumikiza ulusi ukaduka, ngakhale luso limeneli lilipo kale m'dziko muno pakati pa amisiri a makampani a mafoni ndi intaneti.

Pa kafukufuku wanu, musayambire pa mlatho weniweni. Yambani ndi ngalande yoyesera ya mu labotale, yokhala ndi mchenga wotengedwa ku Thuchila ndi paipi yoimira chipilala, ndipo yesani njira ya kutentha ija. Makina owerenga ulusi akasowa, timasensa wamba toyezera kutentha tondandalikidwa m'paipi pamodzi ndi waya wotenthetsera tingakusonyezeni mfundo yomweyo pa mtengo wochepa. Onani kuti pamafunika mphindi zingati zotenthetsa kuti malire a madzi ndi mchenga aoneke bwino, magetsi amene zimenezi zimadya pa batire, ndiponso ngati mchenga wongodzazira kumene umafunda mosiyana ndi wotsendereka. Pambali pa zimenezo, masamu amene timawerengera kuya kwa maziko adapangidwa makamaka kuchokera ku zoyesa za m'malabotale ndi mitsinje ya kumayiko ena. Mukadzafika poika chipangizo chanu pa mlatho umodzi, muzilemba zinthu ziwiri pamodzi pa ola lililonse la chigumula, msinkhu wa madzi ndi kuya kwa dzenje, kuti womanga mlatho wotsatira pa mtsinje womwewo adzathe kuyerekeza masamu ake ndi zimene Thuchila amachitadi.